Mphika Wadothi ndi Njira Zimene Moto Umayenda

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wofukula zakale dzina lake Keith Robinson anakumba pagombe la Nkope, m'boma la Mangochi. Zimene anatulutsa m'nthaka ndi zomwe mwana wa kumudzi amaponda tsiku ndi tsiku osacheuka n'komwe: mapale. Anali okhuthala, a milomo yonenepa, okhala ndi mizere komanso timadontho todindidwa m'khosi. Makala opezeka nawo limodzi atayesedwa, zinadziwika kuti pamalopo pankafuka utsi wa zophika cha m'ma 300 AD. Kumpoto nako, kuphiri la Phopo ku Rumphi ndi ku Mwabulambo ku Karonga, kunatuluka mapale a zaka zofananira. Eni mapalewa ankalima, ankasula chitsulo, ndipo ankaumba.

Mphika unasintha kadyedwe ka anthu. Nyama munthu angathe kuiwamba pamoto, chinangwa n'kuchikwirira m'phulusa, koma mapira, mawere ndi khobwe zimafuna madzi owira kwa nthawi yaitali, ndipo madzi amafuna chowasunga chimene sichingapse. Chikho chikakhala pamoto chimanyeka. Dengu ndiye osanena. Dongo lowotcha lokha ndi limene linkatha kukhala pakati pa lawi ndi madzi, n'kumalandira kutentha mbali ino, kukupereka mbali inayo. Chimanga chinafika mochedwa, zaka za m'ma 1500 zitayamba kale, kudzera mwa Apwitikizi a kugombe la nyanja yamchere, ndipo chinapeza mphika wansima utakhala pamafuwa kwa zaka zoposa 1,000.

Ana asukulu masiku ano amaloweza kuti kutentha kumayenda m'njira zitatu, zimene mabuku awo amazitcha conduction, convection ndi radiation. Amalemba m'kope, n'kuweruka kupita kwawo kumene njira zitatuzo zikuwadikira m'khitchini mwa agogo awo. Lawi likanyambita kunsi kwa mphika, kutentha kumalowa m'dongo n'kumayenda pang'onopang'ono mpaka kukafika m'kati, dongolo lili chikhalire: imeneyo ndi njira yoyamba. Madzi a pansi akafunda amapepuka n'kukwera, ozizira a pamwamba n'kutsika, ndipo aliyense amene anaonapo nyemba zikuvina mumphika waona njira yachiwiri ndi maso ake. Utsi umene umakwera kukaumitsa chimanga cha mbewu chopachikidwa kudenga ukuyenda ulendo womwewo. Yachitatu amaidziwa bwino ndi munthu woothera moto mu June: kumaso ndi m'miyendo kukupsa pamene msana ukuzizidwa, chifukwa kutentha kochokera ku makala ofiira kumayenda molunjika ngati kuwala, ndipo sikukhota kuti kukapeze msana.

Oumba sankazitchula mayina njira zimenezi. Ankazidziwa ndi manja, ndipo umboni uli m'kaumbidwe.

Pakati pa Achewa ndi Amang'anja kuumba inali ntchito ya amayi, yophunzirira kwa mayi, azakhali kapena agogo. Inkayamba ndi ulendo wa kumtapo, nthawi zambiri m'mbali mwa dambo kapena m'khonde mwa mtsinje, kumene dongo labwino limapezeka. Dongolo ankalinyika, kulisinja ndi kulikanda, n'kuchotsamo timiyala ndi mizu. Likakhala lonona kwambiri ankalisakaniza ndi mchenga kapena mapale osinja. Apa mpamene pali nzeru yaikulu. Dongo lopanda chosakaniza limafota kwambiri pouma, ndipo pamoto mbali yoyang'ana lawi imafutukuka msanga pamene mbali ina ikadali yozizira, mphika n'kuthetheka. Timchenga timasiya timipata ting'onoting'ono m'thupi la mphika, ndipo mng'alu ukayamba umakathera pa kampata koteroko m'malo moyenda mpaka kumlomo. Kunsi kobulungira nako kuli ndi ntchito yake: kulibe ngodya pamene kutentha kungaunjikane, lawi limakwera mozungulira m'mbali monse, ndipo mphika umakhazikika bwino pamafuwa atatu ngakhale pansi pali popendekeka. Chisononkho ndi chigoba cha nkhono zinkapala ndi kusalaza, nkhulungo n'kukulungiza mpaka khungu la mphika lichite kung'anima.

Kenako panali kudikira. Mphika wauwisi suumikidwa padzuwa; umakhala m'nyumba kapena pamthunzi kwa masiku ambiri, chifukwa kunja kukauma m'kati mukadali chinyezi umang'aluka. Ukalowa pamoto usanaumitsitse, madzi otsala m'dongo amasanduka nthunzi yosowa potulukira, ndipo mphika umaphulika, mwinanso kuswa inzake yoyandikana nayo. N'chifukwa chake kuumba kunkachuluka m'chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe. Powotcha ankasanja miphika pankhuni, n'kuiphimba ndi makungwa, timitengo ndi udzu. Moto wa pabwalo woterowu umafika madigiri 600 mpaka 900, kutentha kokwanira kusandutsa dongo kukhala chinthu chimene madzi sangachisungunulenso. Mawanga akuda ndi ofiira a pamphika ndi mapazi a motowo: pofiira mpamene mpweya unkafika bwino, pakuda mpamene chikuni chinatsamira n'kutsekereza.

Mawu oti kutentha ndi kuzizira anali ndi tanthauzo linanso m'mudzi wa Achewa. Munthu amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake ankatchedwa wotentha, wodziletsa n'kukhala wozizira, ndipo m'madera ambiri woumba ankadzisunga pa nthawi ya ntchito yake poopa kuti miphika ingasweke pamoto. Osungunula chitsulo m'ng'anjo ankasunga mwambo wofanana. Kaya munthu amakhulupirira zimenezi kaya ayi, mwambowu ukusonyeza kulemera kwa ntchitoyo: thukuta la milungu ingapo linkatha kuwonongeka m'kamphindi, ndipo anthu ankatchinga khomo lililonse limene tsoka lingalowere.

Pofika nthawi ya ufumu wa Maravi kaumbidwe kanali katasintha, ndipo akatswiri amatchula miphika ya nthawiyo ndi dzina la phiri la Mawudzu. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la a Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Koma zochuluka kuposa zonse anali mapale a miphika youmbidwa konkuno. Mbale ya ku China inali yosonyeza ulemerero. Chakudya cha pabwalo la mfumu chinkapsa m'dongo la m'dambo. David Livingstone atadutsa m'dziko la Amang'anja mu 1859 anapeza midzi yokhala ndi ng'anjo, owotcha makala ndi osula, ndipo m'buku la ulendowo lotuluka mu 1865 muli nkhani ya miphika yophikira, yamadzi ndi yosungira mbewu, yokongoletsedwa ndi mwala wakuda wonyezimira wochokera m'mapiri.

Chiwiya chilichonse chinali ndi ubale wakewake ndi moto. Nkhali yaikulu inkawiritsa chimera cha mowa ndi thobwa. Kamphika kandiwo kankapitiriza kubwata ngakhale ataphula, popeza dongo limachedwa kutentha koma limachedwanso kuzizira, ndipo wobwera mochedwa kuchokera kudimba ankapeza nyemba zikadali zofunda. Mphika ukasweka sunkatayidwa: phale linkakazinga chimanga ndi mtedza, ndipo m'mawa mwana ankatumidwa nalo kukapala moto kwa anansi, makala ofiira ali m'phale, dzanja lake osapsa. Mthiko ndi chipande n'zamtengo pa chifukwa chomwecho. Mayi amathyakula nsima yowira, mthiko uli m'kati mwenimweni mwa moto wa mumphika, koma kogwirira kuli zii.

Mtsuko ndiwo umadabwitsa kuposa zonse, chifukwa umagwira ntchito yotsutsana ndi ya inzake. Mphika watsopano wophikira ankayamba auphikira phala la gaga kapena zina zotero kuti timabowo take titsekeke. Mtsuko umafunika kuti uzichita thukuta. Madzi amadutsa pang'onopang'ono m'timabowo ta dongo n'kufika kunja, kumene mphepo imawaumitsa, ndipo madzi kuti asanduke nthunzi amafuna kutentha kochuluka zedi: kuumitsa lita imodzi kumadya kutentha koposa kasanu kumene kungafunike kuti lita yomweyo ichoke pozizira ngati ayezi kufika powira. Kutenthako amakutenga kwa madzi otsala mumtsuko. Ndiye chifukwa chake mu October, ku Nsanje kapena ku Chikwawa kumene dzuwa limaswa mtengo, madzi a mumtsuko wa pakona ya nyumba amatsika kukhosi ali ozizirira pamene a m'chigubu chapulasitiki ali ngati osamba. Mtsuko umaziziritsa kwambiri mpweya ukakhala wouma; m'dzinja, chinyezi chikachuluka, mphamvu yake imachepa. Makapu ndi mbale zonyezimira zonga za ku Dedza Pottery, zowotchedwa mu uvuni wotentha kwambiri n'kukutidwa ndi khungu langati galasi, sizingachite zimenezi, chifukwa timabowo tonse tinatsekeka.

Chitsulo chophikira chinalowa ndi malonda. Kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo anthu anaitcha Mandala, inatsegula masitolo m'madera ambiri. Amwenye nawo anafika ndi timasitolo tawo mpaka m'matauni ang'onoang'ono. Amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Southern Rhodesia ankatsika ndi masutikesi muli mabulangete, mbale zachitsulo ndi masefuliya, ndipo mkazi wolandira zimenezi ankayenda mutu uli m'mwamba. Kenako kunafala mapoto a aluminiyamu, opepuka ndi otsika mtengo, ndipo amisiri a m'misika ngati wa Ndirande anayamba kukhoma ndowa, mbaula ndi ziwiya zina kuchokera ku zitsulo zotha ntchito.

Amayi sanalakwitse posankha poto. Aluminiyamu amadutsitsa kutentha mofulumira kuposa dongo lowotcha kuwirikiza pafupifupi 200, choncho madzi a tiyi amawira mwana asanamalize kuvala yunifolomu. Poto ikagwa imangopindika, ndipo posamuka imaponyedwa m'thumba popanda nkhawa. Koma liwiro lomwelo ndi limene limapsereza ndiwo mayi akangotembenuka, limawotcha zala pa chogwirira, ndipo chakudya chimazizira chikangochoka pamoto. Anthu amene amalimbikira kunena kuti nyemba za mumphika wadothi zimakoma mwapadera akunena zoona: moto wofatsa, wofika mbali zonse mofanana, umafewetsa nyemba mpaka m'kati popanda kuzinyenya kunsi. Ku Dedza, kumene tauni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, madzi amawira pa madigiri 95 m'malo mwa 100, nyemba zimachedwerapo kupsa, ndipo chiwiya chosunga kutentha chimapulumutsa nkhuni zooneka.

Nkhani ya nkhuni ndi imene inabwezera dongo m'khitchini. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo mabanja oposa 9 mwa 10 alionse ankaphikira nkhuni kapena makala. Pamafuwa atatu, kutentha kumene kumalowa mumphika kawirikawiri sikupitirira magawo 15 pa 100 alionse. Kotsalako kumauluka ndi mphepo, kumalowa m'nthaka, kapena kumawotcha miyendo ya wophika. Kale zimenezi sizinali kuluza kwenikweni, popeza moto womwewo unkaunikira nyumba, kufunditsa ana ndi kuthamangitsa anankafumbwe ku mbewu za kudenga. Koma mapiri atayera, mtsikana n'kumayenda theka la tsiku kuti apeze mtolo umodzi, kutentha kothawa kunayamba kuwawa.

Ku Kenya, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, amisiri anaika chikombole chadothi m'kati mwa mbaula yachitsulo yamakala, potengera mbaula ya ku Thailand, ndipo mbaula zotere zafala m'matauni a kuno. Ya nkhuni, yotchedwa Chitetezo Mbaula, inayamba kufalitsidwa ku Mulanje ndipo ndi yadothi yokhayokha: ili ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni, timabowo ta mpweya, ndi timitu pamwamba pokhazikapo poto. Khoma lake limatchinga mphepo, limabweza kutentha kumene kukanathawira m'mbali, n'kukakamiza lawi kudutsa kunsi kwa poto. Mu 2013 boma linalengeza cholinga choti mbaula zosawononga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo linagwera magulu a amayi a m'midzi.

Amayiwo ntchito sanaiphunzire kuchokera pachiyambi. Ambiri ankadziwa kale kumene kuli mtapo wabwino, ankadziwa kulawa dongo ndi zala, kuliumika pamthunzi ndi kuligogoda likapsa kuti amve ngati likulira bwino. Kusadutsitsa kutentha msanga, kumene kunachotsetsa dongo pamwamba pa moto, ndi kumene kukufunika m'mbali mwa moto. M'makhitchini ambiri a ku Mulanje, Balaka ndi Dedza lero poto ya aluminiyamu yakhala pa mbaula yadothi, nkhuni ziwiri kapena zitatu zikuyaka kunsi kwake, ndipo pakona, pa nkhata ya udzu, mtsuko ukuchita thukuta, kapu itavundikirika pa mbale ya pakamwa pake.