Cobbler ya mapulamu, chakudya cha pakhomo

Cobbler sinayambire m'makhitchini a anthu olemera. Anthu ochokera ku England atakhazikika ku America, ambiri analibe uvuni wabwino kapena zonse zofunika pophika zotsekemera zakwawo. Chomwe anali nacho ndi mphika wachitsulo wamiyendo itatu, ufa wa tirigu ndi zipatso za nyengoyo. Amayi ankayala zipatso pansi, pamwamba n'kuponyapo timibulu ta ufa wokanda, n'kuvundikira. Makala ena pansi, ena pa chivundikiro, monga timachitira ndi chigumu.

Mu 1839, Lettice Bryan adalemba za cobbler ya mapichesi m'buku lake lotchedwa The Kentucky Housewife. Iye adaiona ngati chakudya chosayenera kuikira alendo olemekezeka, koma chokoma kwambiri kwa a pabanja. Ine ndimaikondera pomwepo. Sifuna luso lopinda ufa mokongola, imangofuna zipatso zambiri.

Mapichesi ndi omwe adatchuka, koma mapulamu ali ndi mbiri yawo. Kum'mwera kwa dziko la America kunkamera kale mapulamu am'tchire otchedwa Chickasaw, ang'onoang'ono ndi owawasa, ndipo ku Kansas ndi ku Oklahoma mabanja amatolabe m'zitsamba za mumchenga. Mu 1885, katswiri wa zomera Luther Burbank adaitanitsa mitengo ya mapulamu kuchokera ku Japan kupita ku California, ndipo mu 1906 adatulutsa mtundu wa Santa Rosa, waukulu ndi wamadzi ambiri.

Kwa ine pulamu amaposa pichesi mumphika. Khungu lake lowawasa limathetsa kutsekemera kopitirira, ndipo likapsa limatulutsa madzi ofiira psuu omwe amabwata m'mipata ya timibulu. Pamwamba pamakhala pofiirira, pouma, pansi ufa utamwa madziwo mpaka kufewa. N'chifukwa chake sindisenda khungulo.

Nanga m'thupi cobbler imasiyamo chiyani? Magalamu 100 a mapulamu osaphika ali ndi makalori pafupifupi 46, vitamini C pang'ono, potaziyamu ndi zothandiza kugaya chakudya m'mimba. Moto umawononga gawo la vitamini C, koma zinazo zimatsala. Cholemetsa mbale ndi shuga, batala ndi ufa woyera, ndipo zimandiwawa kuona ophika ena akuthira shuga mpaka chipatso kusamvekanso. Mapulamu akapsa bwino mumtengo, shuga wochepa amakwana, ndipo timibulu tingakhale tochepa kuti zipatso zichuluke.