Mankhwala

Pamene makolo athu anati "mankhwala", sanapatule muzu wochiritsa ndi muzu wakupha, pakuti liwu lomwelo litchula khungwa lophikira wodwala m'mimba, ufa wophera makoswe m'nkhokwe, ngakhalenso madzi opopera thonje; ndipo m'menemo, ndikhulupirira, munagona nzeru yakuya, popeza chosiyanitsa kuchira ndi imfa kawirikawiri ndiwo muyeso. Kwinini, amene anapulumutsa miyandamiyanda ku malungo, achokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, komatu womumwa mopyola amamva kulira m'makutu, mwina kugontha kumene.

Lero lino misika yadzaza ndi mabotolo onyezimira a mavitamini ndi ufa wa chammwamba, olembedwa kuti "zachilengedwe", monga ngati chomera m'nthaka sichingapweteke mwana wa munthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsamba chotchedwa St John's wort chimafooketsa ma ARV ena m'thupi la wodwala amene anachigula ndi mtima wofuna moyo.

Chifukwa chake, inu ogula, onetsetsani dzina la wopanga, muyeso ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo ngati mukumwa kale mankhwala a kuchipatala, yambani mwafunsa adokotala.