Mlandu wa Nthaka ndi Madzi pa Bwalo la Maiko

M'chaka cha 1968 Nyanja ya Chilwa idaphwa, ndipo mabwato a asodzi a ku Kachulu adatsala pa matope ouma. M'chaka chomwecho, kutali kuzambwe kwa Africa, mvula idayamba kuvuta m'dera la Sahel, limene lili m'mphepete mwa chipululu cha Sahara. Chilala cha kumeneko chidatha zaka zisanu ndi chimodzi. M'maiko a Mauritania, Senegal, Mali, Niger, Chad ndi Upper Volta, amene lero ndi Burkina Faso, anthu zikwizikwi adafa ndi njala, ziŵeto zidatha, ndipo minda idasanduka mchenga. Apa mpamene padayambira mlandu umene nthumwi za maiko osauka zakhala zikuutula pa misonkhano ya dziko lonse kwa zaka pafupifupi 50.

Bungwe la Maiko Ogwirizana lidachita misonkhano iŵiri m'chaka cha 1977. Woyamba, wokamba za madzi, udachitikira ku Mar del Plata m'dziko la Argentina. Wachiŵiri, wokamba za kuguga kwa nthaka, udachitikira ku Nairobi, ndipo kumeneko adagwirizana mfundo zoti pofika chaka cha 2000 chipululu chikhale chitaleka kulanda minda. Mfundozo zidali zabwino, koma panalibe lamulo lokakamiza dziko lililonse kupereka ndalama. Kotero m'chaka cha 1991 nthambi ya bungwelo yoona za chilengedwe idavomera kuti vuto lija lidangokulirakulira.

Tsono pamene atsogoleri adasonkhana ku Rio de Janeiro mu Juni 1992, nthumwi za mu Africa zidapita zitakonzeka. Patsogolo pa msonkhanowo padali mapangano aŵiri: lina la kusintha kwa nyengo, lina loteteza zomera ndi zinyama. Maiko a mu Africa adafunsa kuti nanga nthaka, imene imadyetsa anthu awo, ili pati? Maiko ena olemera adayankha kuti kuguga kwa nthaka ndi nkhani ya pakhomo, yoti dziko lililonse lidzionere lokha. Aafrica sadalole. Adaumirira mpaka padamveka zoti pakhale pangano lachitatu. Zokambirana zake adazitsogolera Bo Kjellén wa ku Sweden, mothandizidwa ndi Hama Arba Diallo wa ku Burkina Faso, ndipo panganolo lidavomerezedwa ku Paris pa 17 Juni 1994. Dziko la Malaŵi lidaloŵa m'panganoli mu 1996, Nyanja ya Chilwa itaphwanso chaka chapambuyo pake, cha 1995.

Komabe chipambanocho chidali ndi minga yake. Nkhani ya nthaka idapatsidwa nyumba yakeyake, nyumba yopanda nkhokwe, pamene maso a dziko ndi chuma chake zidali pa misonkhano ya nyengo. Kumeneko nkhani yaikulu idali utsi wa m'mafakitale ndi m'magalimoto, umene umatsekereza kutentha mumlengalenga. Pangano la ku Kyoto la mu 1997 lidasamala kwambiri za kuchepetsa utsiwo. Zimenezo nzofunika ndithu, pakuti ndilo gwero la vuto. Koma mlimi wa ku Nsanje kapena wa ku Karonga utsiwo sauona. Iye amaona mvula yochedwa, ng'amba ya pakati pa dzinja, chitsime chouma, ndi madzi osefukira amene amakokolola chonde m'munda mwake. Kwa iye kusintha kwa nyengo kumafika kudzera m'madzi ndi m'nthaka.

Maiko osaukitsitsa adaona kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo adayamba kulankhula ngati gulu limodzi. Ku Marrakech, m'chaka cha 2001, adapeza thumba la ndalama lawolawo, ndiponso mwayi woti dziko lililonse lilembe zosoŵa zake zamsanga. Malaŵi adatsiriza chikalata chake mu 2006, ndipo m'menemo mudali kubwezeretsa nkhalango m'chigwa cha Shire, kuthandiza ulimi pa nthaŵi ya mvula yosadalirika, ndi kukonzekera chilala ndi kusefukira kwa madzi.

Chaka cha 2015 chidaonetsa poyera kutalika kwa ulendo umene udatsala. Mu Januwale madzi adasefukira m'chigwa cha Shire ndi ku Phalombe, ndipo anthu oposa 200,000 adasiya nyumba zawo. Mu Disembala maiko adamanga Pangano la ku Paris. Panganolo lidavomereza kuti kuzoloŵera nyengo yatsopano nkofunika, lidavomerezanso kuti pali zoonongeka zimene sizingabwezedwe, koma liu loti madzi silidalembedwemo. Nthumwi sizidagwe mphwayi. Ku Bonn mu 2017, pa msonkhano umene lidatsogolera dziko la Fiji, adatsegula zokambirana za ulimi zotchedwa Koronivia, ndipo chonde cha m'nthaka, kasamalidwe ka madzi ndi ziŵeto zidapeza malo pa bwalo la nyengo.

Akuluakulu adati mlandu suola. Kale mu 1991 dziko laling'ono la Vanuatu, polankhulira maiko a pa zilumba, lidapempha kuti pakhale njira yolipirira maiko oonongedwa ndi kukwera kwa madzi a m'nyanja zamchere. Pempholo lidakhala zaka 31 osayankhidwa. Mu 2022 madzi adamiza mbali yaikulu ya Pakistan, ndipo lidali dziko lomwelo limene linkatsogolera gulu la maiko ongotukuka kumene pa msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh ku Egypt. Kumeneko adavomera kukhazikitsa thumba la zoonongeka, ndipo kwa nthaŵi yoyamba chikalata chachikulu chotsekera msonkhano wa nyengo chidatchula kufunika koteteza madzi.

Patangopita miyezi inayi, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy adagwa m'Chigawo cha Kumwera. Matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche ku Blantyre ndi m'mapiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa, ndipo oposa theka la miliyoni adathaŵa m'makomo mwawo. Boma lidaŵerengera kuti kukonzanso zoonongekazo kudzafuna madola pafupifupi 680 miliyoni. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pamene thumba lija linkatsegulidwa ku Dubai, ndalama zonse zimene maiko adalonjeza zidali pafupifupi madola 700 miliyoni. Omvera angathe kudziŵerengera okha: chimene dziko lonse lapansi lidalonjeza chikadathera pa namondwe mmodzi wa dziko limodzi.

Mu 2024 udindo wotsogolera gulu la maiko osaukitsitsa udadza kwa Malaŵi, ndipo wapampando adali a Evans Njewa. M'chaka chimenecho boma lidalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Ku Baku, mu Novembala, gululo pamodzi ndi maiko a pa zilumba lidatuluka kwa kanthaŵi m'chipinda cha zokambirana, chifukwa mau ake sankamvedwa. Potsiriza maiko olemera adalonjeza madola 300 biliyoni pa chaka pofika 2035, pamene osauka ankafuna oposa 1,000 biliyoni. Mwezi wotsatira, ku Riyadh, maiko a mu Africa adapempha lamulo lomanga maiko onse pa nkhani ya chilala. Sadamvane, ndipo nkhaniyo adaikankhira ku msonkhano wa mu 2026 ku Mongolia.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti palibe chimene maiko osauka adalandira chongopatsidwa. Pangano la nthaka, thumba la ku Marrakech, zokambirana za ulimi ndi thumba la zoonongeka, zonsezi zidabwera chifukwa nthumwi zidabwerera ku bwalo chaka ndi chaka ndi mau omwewo. Ikuonetsanso kuti chimene chidagwetsa mfundo za ku Nairobi mu 1977, ndicho kusoŵa kwa ndalama zotsimikizika, chidaonekeranso ku Dubai ndi ku Baku. Mau akulembedwa m'zikalata, koma mlimi adzadziŵa kuti mlandu wake wagamulidwa tsiku limene adzaone mjigo wotuluka madzi mu Okutobala, mgula woteteza mudzi wake, ndi mitengo itameranso pa phiri limene lidagumuka.