Kasankhidwe ka wosewera kutsogolo mogwirizana ndi kaseweredwe ka timu

Wosewera kutsogolo, yemwe ambiri amamutcha sitiraika, ndi amene timu ya mpira wamiyendo imadalira pomwetsa zigoli. Pofuna kugula wosewera wotereyu, akuluakulu a timu amaunika kuchuluka kwa zigoli zomwe wakhala akumwetsa, komanso ngati luso lake likugwirizana ndi njira yomwe mphunzitsi amatsata poukira timu inzake.

Timu yomwe imaponya mipira ya m'mwamba kuchokera m'mbali mwa bwalo imafuna wosewera wamtali ndi wamphamvu, wodziwa kumenya mpira ndi mutu. Timu youkira mwadzidzidzi ikangolanda mpira imafuna waliwiro, pomwe yopatsirana mpira pansi imafuna woyendayenda, wotsegulira anzake mipata, ndiponso wolimbikira kulanda mpira ukatayika.

Zomwe zidachitika ku timu ya Barcelona ya ku Spain zimapereka phunziro pa nkhaniyi. M'chaka cha 2009, timuyi idagula Zlatan Ibrahimović kuchokera ku Inter Milan ya ku Italy, ndipo kuwonjezera pa ndalama idaperekanso Samuel Eto'o wa ku Cameroon. Ibrahimović adamwetsa zigoli 16 mu ligi, koma mphunzitsi Pep Guardiola ankakonda kuseweretsa Lionel Messi pakati penipeni kutsogolo, malo omwe mlendoyu ankafunanso. Patangotha chaka chimodzi adamubwereketsa ku AC Milan. Mu 2010 Barcelona idagula David Villa kuchokera ku Valencia. Iyeyu adavomera kusewera kumanzere, ndipo adamwetsa chigoli pomwe timuyi idagonjetsa Manchester United 3-1 mu ndime yotsiriza ya chikho cha Champions League mu 2011.

Nako kusintha kwa mphunzitsi kumatha kuika ndalama za timu pachiswe. Mu Januwale 2011, Liverpool idalipira mapaundi 35 miliyoni pogula Andy Carroll, katswiri wa mipira ya m'mwamba, kuchokera ku Newcastle United. Brendan Rodgers, yemwe ankakonda mpira wopatsirana pansi, atayamba ntchito mu 2012, Carroll adabwereketsedwa ku West Ham United, komwe adagulitsidwa mu 2013 pamtengo wosakwana theka la ndalama zija.

Pachifukwa ichi, nkofunika kuti akuluakulu a timu ndi mphunzitsi ayambe agwirizana za kaseweredwe komwe timu idzatsate kwa zaka zingapo asanatulutse ndalama zogulira wosewera.