Mbiri ya Zipani za Ndale m'Malawi

Chipani n'chiyani?

Chipani cha ndale ndi gulu la anthu amene agwirizana maganizo pa kayendetsedwe ka dziko. Cholinga chawo ndi kulowa m'boma. M'mayiko ena lamulo limalola chipani chimodzi chokha. Kwina kuli zipani zikuluzikulu ziwiri zimene zimasinthana ulamuliro. Kwinanso zipani n'zambiri.

Chiyambi cha Kongeresi

Mu 1944 mabungwe a anthu akuda m'Nyasaland anagwirizana kukhazikitsa Nyasaland African Congress. Mtsogoleri wake woyamba anali Levi Mumba. Atsamunda atabweretsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, Kongeresi inachikana. Dr Hastings Kamuzu Banda anabwerera kwawo pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganyacho.

Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linaletsa Kongeresi ndipo linatsekera Kamuzu ku ndende ya Gwelo. Chaka chomwecho Orton Chirwa anayambitsa Malawi Congress Party (MCP). Kamuzu atatuluka mu 1960, Chirwa anamusiyira mpando. Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964.

Nthawi ya chipani chimodzi

Miyezi iwiri yokha ufulu utabwera, Kamuzu anayambana ndi nduna zake. Orton Chirwa ndi Kanyama Chiume anachotsedwa. Henry Chipembere ndi Yatuta Chisiza anatula okha maudindo. Mu 1966 malamulo atsopano anati chipani chikhale chimodzi basi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya.

Boma linkanena kuti zipani zambiri zimagawa mitundu ndi kubweretsa nkhondo. Linkaphunzitsa ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Koma umodziwo unali wokakamiza. Ayufi, achinyamata a chipani, ankaima pakhomo la msika kapena pokwerera basi n'kumafunsa khadi la chipani. Wopanda khadi ankabwezedwa. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadi, analetsedwa mu 1967, ndipo ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Anthu ankatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa, mwini wake woyambitsa chipani, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Nyali ndi tambala

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepisikopi yodzudzula nkhanza ndi umphawi. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anafika m'dziko kudzalankhula poyera za demokalase, ndipo anamangidwa pabwalo la ndege. Mayiko opereka thandizo anayamba kuumira. Magulu otsutsa boma a AFORD ndi UDF anatulukira poyera.

Pa 14 Juni 1993 panachitika referendamu. Wofuna chipani chimodzi ankasankha tambala wakuda, wofuna zipani zambiri ankasankha nyali. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi wa UDF anapambana, ndipo Kamuzu anavomereza kugonja.

Zipani ziwiri kapena zambiri?

Ku America, mapulezidenti onse kuyambira 1853 achokera ku chipani cha Democratic kapena cha Republican. Zipani zina siziletsedwa. Chimachitika n'chakuti m'dera lililonse amapambana munthu mmodzi amene wapeza mavoti ochuluka. Ovota safuna kutaya voti pa chipani chaching'ono, ndiye amathamangira ku zikuluzikulu ziwirizo. Ubwino wake ndi wakuti wolakwa amadziwika msanga, ndipo womulowa m'malo amakhala alipo kale. Kuipa kwake ndi kwakuti munthu wosakhutira ndi zonse ziwiri amasowa kolowera.

Ku South Africa mipando imagawidwa molingana ndi mavoti a chipani m'dziko lonse, choncho zipani zing'onozing'ono zimalowa m'nyumba ya malamulo. Mu 2024 chipani cholamula cha ANC sichinafike theka la mavoti, ndipo chinakakamizika kulamulira pamodzi ndi zipani zina.

Malawi amasankha aphungu monga ku America, koma zipani sizinatsale ziwiri. Chifukwa chachikulu ndi zigawo. Mu 1994 AFORD inatenga Kumpoto, MCP Pakati, UDF Kummwera. Zipani zinanso zinabadwa pa mkangano wa atsogoleri, osati pa kusiyana mfundo: Pulezidenti Bingu wa Mutharika anachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu 2005, ndipo Joyce Banda anayambitsa PP atachotsedwa mu DPP. Ichi n'chofooka chenicheni, pakuti chipani chomangidwa pa munthu mmodzi chimafota mwini wake akachoka pampando.

Mavoti akamwazika chotere, munthu ankatha kulamulira dziko ngakhale ambiri sanamusankhe. Mu 2014 Peter Mutharika anapambana ndi mavoti 36 pa 100 alionse. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo linagamula kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Lamuloli limakankhira zipani ku migwirizano. Pa 23 Juni 2020 Lazarus Chakwera anapambana kudzera mu mgwirizano wa Tonse, ndipo MCP inabwerera m'boma patatha zaka 26.

Mbiri ikuti chiyani za Kamuzu?

Kamuzu ali pampando, panalibe woweruza ntchito zake. Ankangotamandidwa kuti Ngwazi. Atachoka, zinatembenuka. Mu 1995 anazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza, koma khoti silinamupeze wolakwa. Dzina lake linachotsedwa pa malo ena a boma. Anamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg.

Mu ulamuliro wa Bingu mphepo inasinthanso. Manda ake ku Lilongwe anamangidwa mwaulemu ndi kutsegulidwa mu 2006, ndipo tsiku la 14 Meyi linakhalanso lokumbukira Kamuzu. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya K1,000.

Omutamanda amatchula kuthetsa chitaganya, Yunivesite ya Malawi, misewu, misika ya ADMARC ndi kusamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975. Omudzudzula amatchula Mikuyu, Mwanza ndi mabanja amene anathawa kwawo. Mbali zonse ziwiri zikunena zinthu zimene zinachitikadi. Andale amakonda kutolapo mbali imene ikuwathandiza pa kampeni, pamene olemba mbiri amafufuza m'makalata a boma, m'zigamulo za makhoti ndi mu umboni wa anthu amene anatsekeredwa. Umboni wambiri wotere unayamba kumveka poyera pambuyo pa 1993, anthu atasiya kuopa kulankhula.