Kugogoda

Pakati pa amakaniko, kugogoda ndi phokoso limene injini imatulutsa pamene kanthu kena m'kati mwake sikali bwino. Ndipo munthu amene wangomanga kumene injini ya MGB, galimoto yaliwiro ija imene inkapangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambira 1962 kufikira 1980, ayenera kuzindikira kuti mawu amodziwa asenza matenda awiri osiyana. Phokosolo likakhala lopepuka, longa la timiyala m'chitini, nilimveka makamaka pokwera chitunda, ndiye kuti petulo sakupsa mwadongosolo koma akuphulika, kawirikawiri chifukwa moto wa mapulagi ukufulumira kapena mutu wa injini unapalidwa mopitirira muyeso. Pamenepo kubweza distributor pang'ono kumathandiza ndithu. Koma likakhala lolemera, lochokera pansi, mphamvu ya oilo nayonso n'kumatsika, mabering'i a pa crankshaft ndiwo akulira, ndipo ndi chisoni chachikulu kuona mwini galimoto akupitirizabe ulendo. Popeza kuona maso a nkhono n'kudekha, mmisiri amachotsa waya wa pulagi umodziumodzi injini ikulira, ndipo silinda imene waya wake ukachotsedwa phokoso limachepa, ndiyo iyenera kutsegulidwanso.