Mapanga a ku Chongoni ndi Ana a Machona

Mkristu wa ku Harare amene apita kukacheza kwao kudzera pa Nyamapanda ndi pa Tete angathe kuloŵa m'Malaŵi pa Dedza. Makolo ambiri anadzera dziko lomweli la Tete, akuyenda pansi ndi kuoloka Zambezi, pamene ankapita ku Salisbury kukafuna nchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo ana ao anadzagwira m'mafakitale a ku Willowvale. Koma aulendo a masiku ano amangopitirira ku Lilongwe, osapatukira m'mapiri a nkhalango ya Chongoni, amene ali pafupi ndi mseu womwewo.

M'mapiri amenewo muli mapanga ndi matanthwe 127 okhala ndi zithunzi zakale. M'chaka cha 1969 boma linaika mapanga a Chentcherere m'gulu la malo otetezedwa, ndipo mu 1972 katswiri wa zofukula pansi, J. Desmond Clark, anakumba m'phanga limodzi napeza zida zamiyala za anthu akale. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linalemba Chongoni m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi.

Zithunzizo zili za mitundu iŵiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere ndi timikombero, zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama amene Acheŵa anawapeza m'dzikomo. Zoyera, zopakidwa ndi dothi, n'za Acheŵa eni ake. Zina mwa izo anajambula ndi amai pophunzitsa atsikana pa chinamwali, ndipo zina, makamaka za ku Namzeze, zimaonetsa zilombo za nyau. Mapanga omwewo ndiwo anabisa anthu pa nthaŵi ya nkhondo za Angoni.

Mau a Mulungu nawonso anafika m'dera limeneli. Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba nchito pa Mvera m'chaka cha 1889, Nkhoma inatsegulidwa mu 1896, ndipo mu 1903 mishoni inakhazikitsidwa pa Mphunzi, phiri limene lilinso ndi zithunzi zake. Sikuyenera kubisika kuti mpingo ndi nyau anakangana kwambiri m'midzi imeneyi, makamaka polimbirana ana, pakati pa sukulu ndi dambwe. Mabanja ena anagaŵikana, wina ku kalasi, wina ku gule. Mkanganowo unaoloka nawo Zambezi, pakuti machona anatenga zonse ziŵiri, nyimbo za m'chalichi ndi ng'oma za gule, kufika nazo ku Mbare, ku Highfield ndi ku Mufakose.

Mbusa Vlok yemweyo ndiye anatumidwa ku Salisbury m'chaka cha 1912 kukaŵeta Akristu ochokera ku Nyasaland, ndipo nchito imeneyo inabala Sinodi yoima payokha mu 1965. Tsono kwa Akristu a ku Harare, Chongoni si malo achilendo ai. M'munsi mwa phirilo muli sukulu yosula atsogoleri a mpingo yochedwa ndi dzina la Mbusa Namoni Katengeza, mmodzi wa Amalaŵi aŵiri oyamba kudzozedwa ubusa ku Nkhoma m'chaka cha 1925. Munthu angathe kugona pa sukuluyo, m'maŵa mwake nakwera kukaona kumene makolo a Akristu oyambawo ankaphunzitsira ana ao Uthenga usanafike.

Chodetsa nkhaŵa n'chakuti chuma chimenechi chikuonongeka. Alendo ena amalemba maina ao ndi makala kapena choko pamwamba pa zithunzi, moto wa m'tchire ndi utsi zimadetsa matanthwe, ndipo mitengo ikadulidwa mvula ndi dzuŵa zimafika pamene kale panali mthunzi. Chithunzi chikafufutika palibe mmisiri angachibwezere.

Abusa ndi akulu a mpingo amene amatsogolera maulendo a achinyamata ndi a Chigwirizano ku Nkhoma angachite bwino kupatula tsiku limodzi la ku Chongoni. Kuona phanga sikuvomereza zonse zimene zinkachitika m'menemo, koma mwana wobadwira ku Glen View, amene Chicheŵa amachimva pa Sabata pokha, sangamvetse chimene agogo ake anasankha pobatizidwa ngati sanaone kumene anachokera. Popita kumeneko ayenera kuyamba apereka ulemu kwa mafumu, atenge wowaperekeza wa m'mudzi, ndipo asakhudze thanthwe ndi dzanja.